Epuloni ya golide ya akuluakulu a Freemason: kupeta kwake ndi kwapamwamba, koma lamba ndi chikwama ayi

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene muli pachangu musavutike kuwerenga zonse. Epuloni yopeta pamanja ya ma Provincial Grand Officer, akuluakulu a bungwe la Freemason m'chigawo, imene ndinaoda pa intaneti ku shopu ina ya ku England yogulitsa zovala za a Freemason ndi yabwino, ndalama yake ndi yambiri ndithu koma sindikudandaula nayo. Chikopa ndi chenicheni, nkhunda imene anapeta pakatipo ndi ntchito ya munthu wodziwa singano, ndipo chimene chinandisangalatsa kuposa zonse nchakuti anatsata malamulo a bungwelo mpaka pa chilembo chomaliza. Zimene zinandikhumudwitsa ndi lamba, chikwama chosungiramo, komanso kukhala chete kwawo katundu atachedwa. Nde amene mukufuna kumva bwinobwino tiyeni.

Epuloniyi si yanga, ndi ya amalume anga. Akhala mu loji yawo, kunena nthambi ya bungwelo, ku England zaka zambiri, anakhalapo pampando wa Master, mtsogoleri wa lojiyo, kenako inabwera kalata yoti Province yawo, chigawo chimene lojiyo ili pansi pake, yawapatsa ulemu wa Past Provincial Junior Grand Deacon. Iwo zogula pa intaneti sagwirizana nazo, pomwe ine ntchito yanga ndi yosoka ndi kukonza zovala, nde anangoti "mphwanga, iweyo nsalu umaidziwa, undisankhire yoti ndisakachite nayo manyazi pamaso pa anzanga." Ndikudziwa ena mukangomva dzina loti Freemason mitima imayamba kuthamanga, aliyense ali ndi maganizo ake pa bungweli ndipo sindikufuna kukangana ndi munthu. Ine ndikukamba za chikopa, riboni, waya ndi ulusi, zinthu zoti zimagulitsidwa poyera ndipo malamulo ake analembedwa m'buku lawo la Book of Constitutions loti aliyense atha kuwerenga.

Chimene muyenera kumvetsa musanatulutse khobidi nchakuti epuloni imeneyi anthu a pa msonkhano wa loji amaiwerenga. Munthu akangolowa, asanapereke ndi moni yemwe, anzake adziwa kale kuti wafika pati. Pansi pa United Grand Lodge of England, likulu loyang'anira maloji a ku England, woyamba kumene amavala yoyera mbee, chikopa cha mwana wa nkhosa chopanda chokongoletsa chilichonse, mulifupi mainchesi 14 mpaka 16, kutsika pansi mainchesi 12 mpaka 14. Akakwera sitepe yachiwiri amaikapo timaduwa tiwiri ta riboni ya buluu wowala m'makona am'munsi. Akakhala Master Mason timaduwa timakhala titatu, m'mbali monse mumazungulira riboni ya buluu wowala yemweyo, ndipo pamalendewera timatcheni ta siliva mbali ziwiri. Amene anakhalapo pampando timaduwa tija amachotsa nkuikapo malevulo atatu, ooneka ngati T wozondoka. Zonsezi nzosavuta, telala wosamala atha kuzisoka. Ntchito imakula munthu akapatsidwa udindo wa ku Province kapena ku Grand Lodge, chifukwa apa buluu amasintha nkukhala woderapo uja amati garter blue, siliva amasanduka golide, ndipo pakati pamabwera baji yopeta yosonyeza udindo wake. Wa Province baji yake imakhala m'mizere iwiri yozungulira, pakati pa mizereyo nkulembamo dzina la Province. Wa Grand Lodge chizindikiro chake chimazunguliridwa ndi nkhata ya kanthambi ka mthethe mbali ina, ngala ya tirigu mbali inayo. Mwa akuluakuluwa, amene amavala zofiira ndi ma Steward okha, aja amathandiza pa misonkhano ndi madyerero. Ndipo kusiyanitsa mitunduku si kwa dzana, mu 1731 Grand Lodge inali italamula kale kuti akuluakulu ake azivala za silika wa buluu, ma Steward za silika wofiira.

Nde taganizani munthu wakalamba akutumikira, tsiku lake lolemekezedwa lafika, nkulowa ndi baji ya udindo wa wina kapena dzina la chigawo lolakwika. Golide angawale bwanji, aliyense aziona cholakwikacho basi.

Apa mpamene shopuyi inandigwira mtima. Nditangotumiza oda sanathamangire kudula khadi nkuyamba ntchito, anandibwezera imelo ya mafunso. Loji ili pansi pa England, Scotland kapena Ireland? Udindo ndi uti ndendende, ndipo akuugwira panopa kapena ndi wa Past, kunena waulemu woti sakuugwira panopa? Dzina la Province mulembe mmene lalembedwera pa kalata yawo. Mukufuna full dress, undress kapena zonse? M'chiuno ndi mainchesi angati atavala jekete? Poyamba munthu utha kuona ngati akukuchedwetsa koma funso lililonse lili ndi chifukwa. Ku Lancashire kuli East ndi West, ku Kent kulinso East ndi West, Yorkshire nayo kuli West Riding kwina North and East Ridings, nde ukangolemba dzina la dera basi wapeta baji ya eni ake. Za jekete anafunsa chifukwa ku England epuloni imavalidwa pamwamba pa jekete, pomwe ku Scotland ambiri amaivala mkati mwa jekete, ndipo kumeneko loji iliyonse imasankha mtundu wake, ena mpaka tartan, kachivindikiro kapamwamba kajanso kamakhala kozungulira osati kosongoka ngati ka ku England. Wogulitsa amene sakukufunsani zimenezi muthaweni, ngakhale zithunzi zake zikhale zokongola chotani. Anatumizanso chojambula cha baji kuti amalume avomereze asanayambe kupeta, amalume anachiyang'ana ndi magalasi awo nkunena kuti "eya, ndi imeneyi."

Tinatenga zonse ziwiri, full dress ya pa misonkhano ikuluikulu ndi undress ya pa misonkhano wamba, makolala ake ovala m'khosi, ndi chikwama. Pa full dress tinasankha chikopa chenicheni ndi baji yopeta pamanja, pa undress tinasankha zotsikirapo mtengo kuti tione kusiyana kwake komanso thumba lipumeko.

Chikopa kaye. Mashopu amenewa amagulitsa mitundu iwiri, chikopa chenicheni cha mwana wa nkhosa ndi china chopanga chimene amati lambine. Pa chithunzi simungasiyanitse, m'manja ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Chenichenicho sichiyera ngati pepala, chimapita ku mtundu wa mkaka pang'ono, ukachiyang'anitsitsa pa kuwala umaona timabowo ting'onoting'ono ta ubweya, ndipo ukachigwira chimatenga kutentha kwa dzanja msanga. Chimene anatipatsa ndi chofewa, chosalala mofanana mbali zonse, palibe pamene papyapyala kapena chipsera chobisidwa pansi pa riboni, ndinayang'ana dala chifukwa ndi pamene osoka achinyengo amabisa zolakwika. Munthu akakhala pansi chimapindika motsatira miyendo nkubwerera. Lambine ya pa undress ndi yoyera kwambiri, yozizira, yolimbirapo, ubwino wake ndi woti ikada umangopukuta. Koma zinthu zapulasitiki zoterezi zikakalamba zimakonda kung'aluka pamene zimapindika, nde musayembekezere kuti ifika kwa adzukulu. Kwa munthu wovala kawirikawiri ndi yokwanira, sindikuinyoza.

Tsopano nkhunda ija, pamene pali mtima wa ndalama yonse.

Chizindikiro cha Deacon ndi nkhunda yonyamula kanthambi ka maolivi kukamwa. Kabaji konse kamakwana m'chikhatho, koma ntchito imene ili mmenemo si yamasewera. Ambiri amaganiza kuti ndi ulusi wa golide wolowetsa m'nsalu ndi kutulutsa, ayi. Ndi waya wopyapyala kwambiri wokulungidwa nkukhala kasipuling'i kobowoka mkati, wopetayo amadula tizidutswa ndi sizasi, kalikonse muyezo wake, nkumatunga pa singano ngati mikanda, kenako nkukagoneka pamalo pake ndi ulusi wopaka phula wodutsa mkati mwake. Waya sadutsa m'nsalu, umadutsa ndi ulusi wokha. Pansi pake amayamba aika nsalu yokhuthala yaubweya kapena zingwe zosanjikiza kuti chithunzicho chitukuke. Nsalu yonse imakhala yokokedwa pa felemu kuti iume gwa, ikangolefuka pang'ono basi tizidutswa timayamba kugona mokhota. Kachidutswa kakatalika pang'ono kamapindika nkusweka pakati, kakafupika kamasiya mpata nsalu yapansi nkumaoneka. Nde poyesa ntchito yotereyi musayang'ane kuwala, yang'anani mipata ndi ming'alu.

Ndinaitengera pawindo nkuyang'ana ndi galasi langa lokulitsa lija ndimagwiritsa ntchito potunga singano zing'onozing'ono. Pa chifuwa cha nkhunda anagwiritsa waya wosawala kwambiri, tizidutswa togona mopendekeka tonse mbali imodzi, tothinana moti nsonga ya singano siilowa pakati. Pa mapiko anasinthanitsa, mzere wa waya wosalala wonyezimira kenako mzere wa waya wokhakhala uja umathwanima ukatembenuza, ndipo nthenga iliyonse ikuoneka payokha, zazitali kumapeto zazifupi kufupi ndi thupi. M'mphepete monse anazunguliza waya wolimba wooneka ngati timipira tondondozana, ameneyu amamukoka pang'ono kuti ulusi womangira ulowe pakati pa timipirato nkubisika, ndipo ndinafufuza mzere wonse osapeza pamene ulusi ukuonekera. Timasamba ta maolivi ndi tating'ono kwabasi koma kalikonse kali ndi nsonga yake. Diso ndi kamfundo kamodzi ka ulusi wakuda, koma analiika pamalo pake penipeni moti mbalameyo ikuoneka yamoyo. Munthu amene anapeta izi sindidzamuona, koma ndikumulemekeza kwambiri, dzanja lake ndi lokhazikika.

Zilembo ndi pamene ambiri amagwera. Kupeta chilembo ndi waya pa mzere wozungulira nkovuta chifukwa kunsi kwa chilembo malo amachepa kumwamba nkuchuluka, ndipo dzina la Province ya amalume ndi lalitali. Ndaonapo mabaji ena pamene zilembo zoyamba ndi zotakasuka koma zomaliza zapanikizana chifukwa wopeta anazindikira mochedwa kuti malo atha. Pa iyi zilembo zonse ndi msinkhu umodzi, mipata yofanana, S ndi R zimene zimavuta zinatuluka bwino. Ndinatembenuza kumbuyo, ulusi ndi womangidwa bwino nkumatidwa kuti usasomphoke, ndipo bajiyo anaisokerera pa epuloni ndi timasititchi tating'ono m'malo momata ndi guluu. Ichi nchofunika chifukwa munthu akakwezedwanso udindo sagula epuloni ina, amangosomphola baji nkuikapo yatsopano, nde ikakhala ya guluu imasiya chipsera pa chikopa.

Ndinawafunsa kuti amapetera kuti, ndipo anayankha mosabisa kuti mabaji a pamanja amapetetsa kunja, iwo amadula chikopa ndi kulumikiza zonse ku England. Sizinandidabwitse. Ntchito yambiri ya waya wa golide ya mabaji a asilikali, a makalabu ndi a mabungwe ngati amenewa masiku ano imachokera ku Sialkot m'chigawo cha Punjab ku Pakistan, mzinda womwewo wotchuka ndi kusoka mipira ya miyendo ndi kupanga zipangizo za madokotala. Ena amati akamva zimenezi amaona ngati katunduyo watsika, ine ayi, luso ndi luso. Chimene ndimafuna kwa wogulitsa nchoti anene zoona basi, ndipo mumtima ndimalakalaka kuti gawo labwino la ndalamayo lizifika kwa amene maso ake akuthera pa felemuyo.

Ukaika baji ya mashini ya pa undress pambali pa iyi mpamene umamvetsa. Ya mashini ndi yaudongo, zilembo zolondola, palibe cholakwika, koma ndi yafulati, nkhunda yake ilibe chifuwa, kuwala kumagwa mofanana paliponse. Undress mwachibadwa ndi yodekha, ilibe mphonje, ilibe lesi yaikulu ya golide, malevulo ake ndi a buluu, nde baji ya mashini ikukhalapo bwino ndithu. Koma pa full dress ndikukupemphani, ngati thumba likulola, musaike ya mashini. Epuloni yonse yazunguliridwa ndi lesi ya golide ndi mphonje zolemera, pakati nkukhala kanthu kafulati, zimaoneka zosagwirizana.

Riboni ya buluu ndi yabwino, yokhala ndi mafunde aja amaoneka ukaitembenuza pa kuwala, makona ake anapinda bwino mosongoka osatukuka, lesi ya golide yowongoka, masititchi amashini olunjika osadumpha. Mphonje ndi zothinana komanso zolemera, zimagwa zokha mowongoka popanda kuzipesa. Kumbuyo kuli nsalu ya buluu ndi kathumba kobisika koikamo magolovesi oyera, kanthu kakang'ono koma amalume anakakonda.

Zokhumudwitsa tsopano, ndipo ndizinena mosapsatira chifukwa ndalama yake sinali yochepa.

Lamba. Sindikumvetsa kuti munthu ungasamale chikopa, riboni ndi golide chonchi kenako nkumangirira kalamba kopepuka ngati ka epuloni ya woyamba kumene. Full dress ndi yolemera, mphonje zokha zija zimakoka, nde lamba wopyapyala amapindika pakati ndipo kachitsulo kosinthira kukula kamatsetsereka pang'onopang'ono. Amalume atayesa kunyumba, kuimirira, kukhala, kuimiriranso monga amachitira ku misonkhano yawo, epuloni inali itatsika mbali imodzi. Ndinati "amalume tavulani kaye ndione," nkupeza kuti kachitsuloko kalibe mano ogwira nsalu. Ngowe yake ndi ija yachizolowezi yooneka ngati njoka yopindika, maonekedwe ali bwino koma chitsulo chake nchopepuka ndipo golide wopakapo ndi wochepa, sindikukhulupirira kuti akhalitsa. Ine ndinasomphola lamba yense nkusokerapo wina wokhuthala, kwa ine ndi ntchito yaing'ono, koma nanga munthu amene alibe wosoka pakhomo atani? Pa katundu wa mtengo uwu kasitomala sayenera kukonza yekha chinthu chatsopano.

Timatcheni tolendewera tija, mbali iliyonse timakhala 7 ndipo kalikonse kali ndi kampira kumapeto. Kamodzi kanabwera mphete yake ili yotseguka, kampira kanali katagwera m'bokosi. Apa sindiwaimba mlandu kwambiri, zimachitika pa ulendo, ndipo nditawatumizira chithunzi anatumiza china chathunthu osalipiritsa. Koma zikusonyeza kuti amene amalongedza sanagwedeze nkuona.

Chikwama ndiye ayi ndithu, musagule. Kunja chikuoneka bwino, chakuda chopyapyala chokhala ndi chogwirira, koma mkati ndi katoni yokutidwa ndi pulasitiki, fungo la guluu lamphamvu, ndipo malamba a mphira ogwira epuloni anawaika podutsa pamwamba pa baji penipeni. Amene anapanga chikwamachi sanaganizepo za waya wa golide. Mphira ndi mdani wa zitsulo zoterezi, amazidetsa, ndipo kupanikiza waya wobowoka mkati ndi kumuphwanya, akaphwanyika sabwereranso. Shopu yodziwa malamulo a baji mpaka chilembo imayenera kudziwanso ichi.

Kuchedwa nakonso. Baji ya pamanja amapeta ukaoda, nde kudikira ndinakuyembekezera ndipo sindikanadandaula. Chimene chinandipweteka ndi chakuti tsiku limene analonjeza litadutsa maimelo anga sankayankhidwa, anthu omwe aja ankayankha msangamsanga nthawi ya mafunso. Amalume tsiku la msonkhano likuyandikira, akundiimbira kuti "mphwanga, zafika pati?" ine ndilibe chowauza. Nditaimba foni anayankha mayi wina waulemu kwambiri amene anapepesa nkufotokoza kuti nyengo imeneyo ma Province ambiri amakhala akupereka maudindo nde maoda amawunjikana. Chifukwa chake ndi chomveka, koma akanangolemba mzere umodzi wondiuza zimenezo mtima ukanakhala pansi. Katundu anafika msonkhano usanachitike, koma mpata wake unali wochepa moti chikanalakwika china sitikanatha kubweza.

Pali chinthu china chimene ndakhala ndikuchiganizira chigwirireni epuloniyi. Chiyambi chake ndi chovala cha ntchito, chikopa chachitali chimene amisiri osema miyala ankavala kuteteza zovala ndi thupi. Grand Lodge yoyamba itakhazikitsidwa ku London mu 1717, kwa zaka zambiri munthu aliyense ankakongoletsa yake mmene wafunira, ena kujambula ndi penti, ena kusindikiza, ena kupetetsa kwa akazi awo kapena ana awo aakazi, zipilala, dzuwa, mwezi, makwerero, chilichonse. Ku America George Washington mu 1782 analandira epuloni yochokera kwa Elkanah Watson ndi mnzake Cassoul, yopetedwa ndi masisitere a ku Nantes ku France, yokhala ndi mbendera za France ndi America zopingasana, ndipo mu 1793 poika mwala wa maziko a nyumba ya Capitol anavala zovala zake za Freemason. Ku England ufulu wokongoletsa mmene ukufunirawu unatha ma Grand Lodge awiri amene ankapikisana atagwirizana mu 1813, pambuyo pake ndi pamene anaika muyezo umodzi wa kukula, mitundu ndi zizindikiro. Amene muli ndi mwayi wofika ku London, mu Freemasons' Hall pa Great Queen Street muli Museum of Freemasonry momwe muli maepuloni akale, ndipo munthu wokonda singano atha kutayamo tsiku. Ine mbali ina ndimamva chisoni kuti zopeta za pakhomo zija zinatha, munali mtima wa anthu mmenemo. Koma muyezowu unachititsanso kuti luso lonse la wopeta lithere pa malo ochepa, nde pamenepo palibe pobisala. Ndipo ukakwera pamwamba ntchito imachuluka, ya Grand Master ili ndi dzuwa lowala la golide pakati, m'mbali makangaza ndi maluwa a lotus, m'makona tirigu wa ngala 7. Mpando umenewu Duke of Kent anaukhala kuyambira 1967. Zoterezo ndimangoziona pa zithunzi nkumawerengera mumtima maola amene munthu anakhala chowerama.

Si a Freemason okha amene amavala maepuloni, a Oddfellows, a Buffaloes aja dzina lawo lonse ndi Royal Antediluvian Order of Buffaloes, ndi a Free Gardeners nawonso ali ndi awo, ndipo mkati mwa Freemason momwemo a gawo lina lotchedwa Royal Arch ali ndi yawo ya m'mphepete mofiira ndi buluu mosongokasongoka. Shopuyi inali ndi ina mwa imeneyi koma sindinaigwire nde sindinenapo kanthu, kupatula kuti mayeso ake ndi omwewo, funsani malamulo a bungwe lanu kaye, kenako yang'anani mipata pa waya.

Kasamalidwe ndikanene chifukwa kapepala kamene anaikamo kanali ndi mizere iwiri yokha, zosakwanira. Osachapa, osasita, osapinda. Waya wa golide osamupaka polishi wa zitsulo, mudzachotsa golide wochepa amene ali pamwambayo nkudetsa nsalu yozungulira. Golide wa pa waya ameneyu ndi wokutira chabe, nde pakapita zaka amazilala pang'ono, ndi chibadwa chake, chimene mungachite ndi kuchedwetsa basi. Chinyezi, pafyumu, thukuta la m'manja ndi mphira ndi zimene zimafulumizitsa, nde baji musamaigwiregwire ndi zala. Madzi akagwera pa riboni ya buluu mtundu utha kusuluka nkulowa m'chikopa choyera, ndipo umenewo suchokanso. Chikopa chikada pukutani ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono kwambiri, kutali ndi riboni. Posunga igonekeni chafulati, pakati pa timatcheni ndi chikopa ikanipo kansalu kofewa chifukwa timipira tija timadinda mabowo tikapanikizika, pamwamba pa baji pepala lofewa lopanda asidi, ndipo pasakhale cholemera chilichonse pamwamba. Mukabwera ku msonkhano isiyeni ipitidwe mphepo kaye musanatseke.

Amalume anavala pa tsiku lawo ndipo anabwera okondwa, akuti mnzawo wina wachikulire amene wakhala ndi yake zaka zambiri anawerama kuyang'ana nkhunda ija nkufunsa kumene anagula. Ndikanati ndipereke mamalikisi, kupeta ndi chikopa ndikanapereka onse, kudziwa malamulo onse, lamba theka, kuyankha makasitomala theka, chikwama ziro. Ndingaodenso kumeneko? Baji ndi epuloni eya, mosakayika. Koma ndidzaoda kalata ikangofika osadikira kuti mwezi wa msonkhano uyandikire, ndidzawauza pa oda pomwepo kuti aike lamba wokhuthala wa chitsulo cha mano ngakhale ndiwonjezere mapaundi angapo, ndipo chikwama ndidzakafuna kwina, chamkati mwa nsalu yofewa chopanda mphira wodutsa pakati.